Gaddafi, mafuta a Libya ndi ng'ombe za ku Ireland: mafunso ndi mayankho

Pali uthenga wina umene umazungulira pa WhatsApp, ukazimiririka miyezi ingapo n'kutulukiranso. Umati m'dziko la Libya, nthawi ya Muammar Gaddafi, magetsi adali aulere, nyumba zaulere, ongokwatirana kumene ankalandira ndalama za boma, ndipo azungu adamupha chifukwa ankafuna kumasula Africa. A ku Ndirande amautumiza, a ku Johannesburg amautumiza, a ku Dublin nawonso sautaya. Chimene abale athu ambiri okhala ku Ireland sadziwa n'chakuti dziko limene akukhalamolo lili ndi mbiri yakeyake ndi mkuluyu, ndipo mbiriyo imakhudza dera la Beaumont, kumpoto kwa mzinda wa Dublin.

Beaumont ndi Gaddafi zikukumana pati?

Zikukumana mwa phungu wa deralo. Beaumont imadziwika ndi chipatala chake chachikulu, kumene amachitira maopaleshoni a ubongo a anthu ochokera m'madera ambiri a Ireland. Amene adalimbikira kuti chipatalachi chimangidwe kumeneko ndi Charles Haughey, yemwe adakulira ku Donnycarney, dera loyandikana ndi Beaumont, ndipo adaimira anthu a kumpoto kwa Dublin ku nyumba ya malamulo kuyambira 1957 mpaka 1992. Adali nduna ya zaumoyo kuchokera 1977 mpaka 1979, kenaka adakhala nduna yaikulu, imene kumeneko amaitcha Taoiseach, maulendo atatu.

Mu 1983, ali mtsogoleri wa chipani chotsutsa cha Fianna Fáil, Haughey adapita ku Libya kukaonana ndi Gaddafi. Nkhani yaikulu idali ng'ombe. Ireland ndi dziko la msipu wobiriwira chaka chonse, pomwe Libya ndi chipululu chokhala ndi ndalama, choncho sitima zinkanyamula ng'ombe zamoyo kuchoka m'madoko a Ireland kupita ku Libya, alimi n'kumamwetulira.

Koma panyanja pomwepo pankadutsanso sitima zina zolowera ku Ireland, ndipo izo sizinkanyamula nyama. Chakumapeto kwa 1987 achitetezo a dziko la France adagwira sitima yotchedwa Eksund kufupi ndi gombe la Brittany. M'katimo mudali zida zolemera matani oposa 100: mfuti za AK-47, mizinga yogwetsera ndege, zipolopolo ndi zophulika za Semtex, zonse zochokera ku Libya kupita ku gulu la IRA. Apa n'kuti Haughey ali nduna yaikulu. Mu Novembala chaka chomwecho, pamene chipatala cha Beaumont chinkayamba kulandira odwala ochokera ku zipatala zakale za Richmond ndi Jervis Street, apolisi ndi asilikali a boma lake adali kalikiliki kuchita chipikisheni m'nyumba ndi m'mafamu m'dziko lonse, kusaka zida zimene wogula ng'ombe uja adatumiza. Malonda a ng'ombe ndi nkhani ya zida zinkayenda njira zosiyana, koma ndalama yake inkachokera m'thumba limodzi.

Nanga iye, Mwarabu wa m'chipululu, za ku Ireland zinkamukhudza chiyani?

IRA lidali gulu lomenya nkhondo kuti chigawo cha Northern Ireland chichoke m'manja mwa Britain. Chipwirikiti chimenecho, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 mpaka pangano la mtendere la mu 1998, chidapha anthu oposa 3,500. Gaddafi ankadana ndi Britain, ndipo aliyense womenya Britain adali mnzake.

Katundu woyamba wodziwika adagwidwa mu Malichi 1973, pamene asilikali apamadzi a Ireland adaimitsa sitima ya Claudia kufupi ndi gombe la Waterford n'kupezamo zida zokwana matani asanu pamodzi ndi mmodzi wa akuluakulu a IRA, Joe Cahill. Chibwenzicho chidazilala kwa kanthawi, n'kudzayakanso m'zaka za m'ma 1980. Mu Epulo 1984 wapolisi wachizimayi, Yvonne Fletcher, adaphedwa ndi chipolopolo chochokera m'nyumba ya kazembe wa Libya ku London, ndipo Britain idathetsa ubale ndi Libya. Mu Epulo 1986 nduna yaikulu ya Britain, Margaret Thatcher, adalola ndege za America kunyamuka pa mabwalo a ku Britain kukaponya mabomba ku Tripoli ndi ku Benghazi. M'zaka za 1985 ndi 1986 zida za ku Libya zidatsitsidwa kanayi pa gombe la Wicklow, kumwera kwa Dublin, popanda wozigwira. Eksund udali ulendo wachisanu.

Choopsa kwambiri pa katunduyo chidali Semtex, chophulika chopangidwa ku Czechoslovakia, chofewa, chosavuta kubisa. Mabomba opangidwa ndi Semtex adapha asilikali, apolisi komanso anthu wamba ku Northern Ireland ndi ku England kwa zaka zambiri, ndipo IRA idadzamaliza kutaya zida zake mu 2005. Ine sindikhulupirira kuti Gaddafi ankawamvera chisoni anthu a ku Belfast. Adangopeza mkwapulo wokwapulira mdani wake, ndipo amene adamva ululu wake ndi anthu amene sadaponde ku Libya chibadwire.

Kodi Libya idali yolemera Gaddafi asanabwere?

Kwa nthawi yaitali idali yosauka kuposa mmene ambiri angaganizire. Dzikoli lidakhala pansi pa ufumu wa Ottoman wa ku Turkey kwa zaka mazana angapo, kenaka Italy idaliukira mu 1911. Atsamunda a ku Italy, makamaka mu ulamuliro wa Mussolini, adachita nkhanza zosasimbika. Adasamutsa anthu a m'chigawo cha Cyrenaica n'kukawatsekera m'misasa m'chipululu, kumene masauzande ambiri adafa ndi njala ndi matenda. Mtsogoleri wa olimbana ndi atsamundawo, Omar Mukhtar, mphunzitsi wa Korani wokalamba, adanyongedwa pamaso pa anthu ake pa 16 Sepitembala 1931.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idamenyedwa kwambiri m'chipululu chimenechi. Libya itapata ufulu wodzilamulira pa 24 Disembala 1951, pansi pa Mfumu Idris, idali pa mndandanda wa maiko osaukitsitsa. Zina mwa zimene inkagulitsa kunja zidali udzu wopangira mapepala ndi zitsulo za akasinja ndi magalimoto otsala pa nkhondo ija. Boma linkadalira lendi imene America ndi Britain ankalipira pa malo a asilikali awo, monga bwalo la ndege la Wheelus kufupi ndi Tripoli. Anthu odziwa kulemba ndi kuwerenga adali owerengeka.

Zinthu zidatembenuka mu 1959, kampani ya Esso itapeza mafuta ambiri pamalo otchedwa Zelten. Mu 1961 mafuta adayamba kugulitsidwa kunja, ndipo pofika 1970 Libya inkapopa migolo yoposa 3 miliyoni pa tsiku, anthu ake ali pafupifupi 2 miliyoni okha. Mafuta ake ndi opepuka, osavuta kuyenga, ndipo msika wa ku Ulaya uli tsidya lina la nyanja basi. Mpaka lero palibe dziko la mu Africa limene lili ndi mafuta odziwika pansi pa nthaka ochuluka kuposa Libya. Choncho chuma Gaddafi adachipeza chitayamba kale kutumphuka. Chimene chidasowa nthawi ya mfumu ndi kuchigawa bwino, pakuti katangale adali atamanga nthenje pakati pa oyandikana ndi nyumba yachifumu.

Adalowa bwanji m'boma?

Pa 1 Sepitembala 1969, Mfumu Idris ili ku Turkey kukalandira chithandizo cha mankhwala, kagulu ka asilikali achinyamata kadalanda boma pafupifupi popanda kukhetsa mwazi. Mtsogoleri wawo adali Gaddafi, wa zaka 27, mwana wa m'banja loweta ziweto kufupi ndi Sirte, yemwe ankakonda kwambiri Gamal Abdel Nasser wa ku Egypt.

Zaka zoyambirira adachita zinthu zimene zidamutchukitsa, ndipo tisamumane ulemu wake pamenepa. Mu 1970 adatseketsa malo a asilikali a America ndi Britain. Chaka chomwecho adapanikiza makampani a mafuta kuti akweze mtengo ndi gawo la boma. Adayamba ndi kampani ya Occidental, podziwa kuti idalibe zitsime zambiri kwina kothawira. Iyo itagonja, ena onse adatsatira, ndipo maiko ena ogulitsa mafuta adatengerapo phunziro. Mu Disembala 1971 adalanda chuma cha kampani ya BP m'dzikomo. Kamnyamata kobadwira m'tenti kadagwaditsa makampani amene mafumu ankawaopa, ndipo ichi n'chifukwa chake ena mpaka lero salola kumva choipa chilichonse chokhudza iye.

Ndiye za mu uthenga uja n'zoona?

Zina n'zoona, zina n'zokometsera. Sukulu ndi chipatala cha boma zidali zaulere. Mafuta a galimoto, buledi ndi magetsi zidali zotchipa kwambiri chifukwa boma linkalipirako mbali yaikulu. Kutchipa si ulere, koma kwa Mmalawi wogona pa mzere wa petulo kusiyanako n'kochepa. Pofika 2010 anthu pafupifupi 9 mwa 10 alionse ankadziwa kuwerenga, anthu ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka zoposa 70, ndipo pa mndandanda wa chitukuko cha anthu wa bungwe la United Nations, Libya idali patsogolo pa maiko a mu Africa. Ntchito yoyala mapaipi akuluakulu otunga madzi pansi pa chipululu kupita nawo ku mizinda ya kugombe, imene idayamba mu 1984, ndi yeniyeni, ndipo Tripoli ndi Benghazi amamwa madzi amenewo.

Koma funso labwino si lakuti kodi Libya inkaposa Malawi. Dziko la anthu pafupifupi 6 miliyoni lopopa migolo 1.6 miliyoni pa tsiku liyerekezedwe ndi anzake a mafuta, monga Kuwait kapena United Arab Emirates, ndipo pamenepo manyazi amaoneka. Lamulo la mu 1981 lidaimitsa malipiro a ogwira ntchito m'boma kwa zaka zoposa 20. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 mashopu a anthu wamba adatsekedwa, anthu n'kumafola pa masitolo a boma opanda katundu. Pakati pa zaka za m'ma 1980 kuphunzitsa Chingerezi kudachotsedwa m'sukulu, ndipo m'badwo wonse udaluza. Chipatala chidali chaulere, inde, koma aliyense wokhala ndi kangachepe akadwala kwambiri ankathamangira ku Tunisia, ku Egypt kapena ku Jordan. Madokotala ambiri ophunzira bwino adapita kukachita maphunziro apamwamba ku Britain ndi ku Ireland osabwereranso kwawo.

Kodi mkuluyu mutu unkayenda bwino?

Zochita zake zinkapatsa anthu chifukwa chofunsira choncho. Ankayenda ndi asilikali achizimayi omuteteza. Popita ku maiko ena ankanyamula tenti, ndipo mu 2007 adaikhoma pakati pa mzinda wa Paris, pafupi ndi nyumba ya pulezidenti. Adasintha maina a miyezi ndi kawerengedwe ka zaka. Mbendera ya dziko adaisandutsa nsalu yobiriwira yopanda chizindikiro chilichonse. Mu 2008 adasonkhanitsa mafumu a mu Africa ku Benghazi kuti amuveke ulemu wa mfumu ya mafumu. Mwana wake Hannibal atamangidwa ku Geneva chaka chomwecho pomuganizira kuti adamenya antchito ake, bamboyo adafika pofuna kuti dziko la Switzerland lithetsedwe, ligawidwe kwa oyandikana nalo. Mu 2009, pa msonkhano waukulu wa United Nations ku New York, adapatsidwa mphindi 15 koma adalankhula kupitirira ola ndi theka. Mwana wina, Saadi, adalembedwa ngati wosewera mpira ku timu ya Perugia ku Italy, ngakhale luso lake silinkamufikitsa pamenepo.

Komatu wamisala salamulira dziko zaka 42. Zovala zonyezimira ndi matenti zidamuthandiza: atolankhani akunja ankabwerako ndi nkhani zoseketsa, za m'ndende osazitchula. Ndipo kusinthasintha maganizo kudali chida. Unduna ukhoza kuthetsedwa lero, mawa likulu lake n'kusamutsidwira ku Sirte, mkuja lamulo latsopano n'kulengezedwa pa wailesi. Pamene palibe amene akudziwa za mawa, aliyense amayang'ana nkhope ya munthu mmodzi.

Ankati anthu ndi amene akulamulira. Zinkayenda bwanji?

Maganizo ake adawalemba m'buku lotchedwa Green Book, limene gawo lake loyamba lidatuluka mu 1975. Mmenemo adakana zipani ndi nyumba ya malamulo, ponena kuti anthu azidzilamulira okha kudzera m'misonkhano ya m'madera. Pa 2 Malichi 1977 adalengeza dongosolo latsopano lotchedwa Jamahiriya, kenaka iye adatula maudindo a boma n'kungotsala ndi dzina la mtsogoleri wa kusinthako. Zinthu zikalakwika ankati si iye, alibe udindo. Koma misonkhano ya anthuyo siinkakhudza ndalama za mafuta, asilikali, kapena ubale ndi maiko ena.

Mphamvu zenizeni zidali m'manja mwa makomiti oteteza ulamuliro wake, amene ankazonda anthu m'sukulu, m'maofesi ndi m'mizikiti. Lamulo la mu 1972 lidaika chilango cha imfa kwa woyambitsa chipani. Ophunzira a pa yunivesite ankanyongedwa pagulu. Mu Juni 1984 mnyamata wina wophunzira bwino, Sadiq Hamed Shwehdi, adanyongedwa m'bwalo la masewero ku Benghazi pamaso pa ana a sukulu, kanema wa boma akuonetsa. Othawira kunja ankatchedwa agalu osochera, ndipo mu 1980 angapo adaphedwa ku London, ku Rome ndi m'mizinda ina ya ku Ulaya. Mu Juni 1996, pa ndende ya Abu Salim ku Tripoli, akaidi pafupifupi 1,200 adaomberedwa. Mabanja ambiri sadauzidwe, ndipo kwa zaka adapitiriza kupereka chakudya ndi zovala pa chipata cha ndendeyo kuti zikafike kwa anthu amene adafa kalekale.

Chifukwa chiyani anthu sadamuchotse msanga, monga Amalawi adachitira ndi a Kamuzu Banda mu 1994?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Tiyeni tikumbukire za kwathu. A Kamuzu Banda nawonso adali ndi chipani chimodzi, apayoniya, ndende ya Mikuyu ndi mantha ake. Koma boma lawo linkadya thukuta la anthu: fodya, tiyi, msonkho, ndi thandizo la maiko akunja. Mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo pa 8 Malichi 1992, ogwira ntchito ku Blantyre atanyanyala, ndipo maiko othandiza ataimitsa thandizo lawo mu Meyi chaka chomwecho, boma lidasowa popumira. Referendamu idachitika pa 14 Juni 1993, asilikali adalanda zida za apayoniya mu Disembala, ndipo chisankho cha mu Meyi 1994 chitachitika, a Kamuzu adavomera kugonja. Nyumba ya malamulo, makhothi, asilikali, ogwira ntchito m'boma ndi mipingo zidalipo, zofooka koma zamoyo, ndipo ndi zimene zidanyamula dziko tsiku lotsatira.

Gaddafi sankasowa thukuta la munthu. Mafuta amatuluka m'chipululu, amayenda m'mapaipi, amakwera sitima, ndalama n'kulowa m'thumba la boma, ndipo ntchito yonseyo imafuna anthu ochepa, ambiri mwa iwo akunja. Boma lotere silipempha msonkho, choncho silifunsa maganizo a munthu. Nzika imasanduka wolandira, ndipo wolandira akatsegula pakamwa amamuchotsa pa mndandanda. Ngakhale pamene United Nations idaika zilango pa Libya mu 1992, chifukwa cha ndege ya Pan Am imene idaphulitsidwa pamwamba pa Lockerbie ku Scotland mu Disembala 1988 n'kupha anthu 270, zilangozo zidaletsa maulendo a ndege ndi kugula zida, koma kugulitsa mafuta sizidaletse. Ulaya inkawafuna.

Ndalama zomwezo zidamugulira chikhululuko. Mu 2003 Libya idavomera kulipira madola 2.7 biliyoni ngati chipukuta misozi kwa mabanja a anthu a ku Lockerbie, idasiya ntchito yopanga zida zoopsa, ndipo mu Malichi 2004 nduna yaikulu ya Britain, Tony Blair, adakagwirana naye chanza m'tenti. Makampani a mafuta adabwerera. Nicolas Sarkozy, amene adamulandira ku Paris ali pulezidenti wa France, khothi la ku France lidamupeza wolakwa mu 2025 pa mlandu wa chiwembu chofuna ndalama za kampeni ku Libya, chigamulo chimene iye adachitira apilo.

Chinanso n'chakuti munthu wolowa m'boma ndi mfuti amaopa mfuti. Gaddafi adafooketsa dala gulu lankhondo la dziko, zida zabwino n'kuzipereka ku magulu apadera otsogozedwa ndi abale ake, monga la mwana wake Khamis. Mitundu ya anthu ankaikanganitsa, uwu kuukweza, uwo kuutsitsa. Padalibe chipani, padalibe bungwe la apantchito loima palokha, padalibe nyuzipepala yoima payokha, padalibe ngakhale malamulo oyendetsera dziko okhazikika. Adagumula chilichonse chimene munthu akadaimapo pomutsutsa.

Koma si iye amene ankakonda Africa? Ife adatithandiza chiyani?

Adathandiza ANC pa nthawi imene maiko a azungu ankaitcha gulu la zigawenga, ndipo Nelson Mandela sadaiwale: mu 1997 adapita ku Libya ngakhale America inkadandaula, n'kumupatsa mendulo ya ulemu ya dziko la South Africa. Ganizo losintha bungwe la OAU kukhala African Union lidakhazikitsidwa kwawo ku Sirte pa 9 Sepitembala 1999, ndipo Libya idali m'gulu la maiko ochepa amene ankasenza mbali yaikulu ya ndalama zoyendetsera bungweli.

Dzanja lomwelo lidatumiza asilikali kukateteza Idi Amin pamene Tanzania inkamuthamangitsa mu 1979. Lidamenya nkhondo ku Chad pofuna kulanda chigawo cha Aouzou, mpaka kugonja mochititsa manyazi mu 1987. Charles Taylor wa ku Liberia ndi Foday Sankoh wa ku Sierra Leone, amene zigawenga zake zinkadula anthu manja, adaphunzira za nkhondo m'misasa ya ku Libya. Ndege ya kampani ya UTA imene idaphulitsidwa pamwamba pa Niger mu 1989 idapha anthu 170, ambiri mwa iwo a mu Africa. Wofuna kumutcha tate wa Africa ayambe wakafunsa ku Freetown, likulu la Sierra Leone.

Kwathu ubale udakula nthawi ya a Bakili Muluzi. Mu Julayi 2002, pochokera ku Durban kumene African Union idakhazikitsidwa, Gaddafi adafika ku Malawi ndi mdipiti wa galimoto umene anthu akuukumbukirabe. Lonjezo lotchuka lidali la chipatala chachikulu ku Kameza mu mzinda wa Blantyre, chodzatchedwa dzina lake. Chipatalacho sichidathe monga adalonjezera. Paja akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mu Epulo 2011 boma la a Bingu wa Mutharika lidathetsa ubale ndi Libya podandaula ndi kuphedwa kwa anthu wamba. Ku Zambia, kampani ya boma la Libya ya LAP Green idagula magawo 75 pa 100 alionse a Zamtel mu 2010, ndipo boma la a Michael Sata lidalanda kampaniyo mu Januwale 2012 ponena kuti malondawo sadayende mwachilungamo.

Akuti anthu a ku Dublin adatengapo mbali pomugwetsa. N'zoona?

N'zoona. Ziwonetsero zidayamba ku Benghazi pakati pa Febuluwale 2011, apolisi atamanga Fathi Terbil, loya woimira mabanja a anthu ophedwa ku Abu Salim aja. Boma litayankha ndi zipolopolo, zidasanduka nkhondo. Pa 17 Malichi nthambi ya zachitetezo ya United Nations idavomereza kugwiritsa ntchito mphamvu poteteza anthu wamba, ndipo maiko atatu a mu Africa amene adali m'nthambiyo, South Africa, Nigeria ndi Gabon, onse adavota movomera. Ndege za NATO zidayamba kuponya mabomba.

Ku Ireland kudali kale Alibya ambiri, ena othawa ndale, ena madokotala. Mmodzi wa iwo, Mahdi al-Harati, yemwe ankaphunzitsa Chiarabu ku Dublin, adabwerera kwawo n'kukatsogolera gulu lankhondo lotchedwa Tripoli Brigade, limene lidali m'gulu la oyamba kulowa mu Tripoli mu Ogasiti 2011. Mu 2014 adasankhidwa kukhala meya wa mzindawo. Dokotala wa maso wa pa chipatala cha ku Drogheda, kumpoto kwa Dublin, Fatima Hamroush, adasankhidwa kukhala nduna ya zaumoyo m'boma logwirizira chakumapeto kwa 2011. Dziko limene Gaddafi adalitumizira mfuti lidamubwezera ana ake omwe amene adawathamangitsa.

Gaddafi adagwidwa kufupi ndi Sirte pa 20 Okutobala 2011, ndipo adaphedwa mwankhanza ali m'manja mwa omugwirawo. Kumeneko kudali kulakwa. Adayenera kukaima m'khothi kuti mabanja a ku Abu Salim, a ku Lockerbie ndi a ku Belfast amve kuchokera pakamwa pake.

Poona mmene Libya ilili lero, sikukadakhala bwino akadangomusiya?

Alibya ambiri amene adavutika m'zaka zotsatira amadzifunsa funso lomweli, ndipo sitingawaseke. NATO idapitirira malire a zimene idaloledwa: idapatsidwa ntchito yoteteza anthu, iyo n'kukhala ndege za mbali imodzi ya nkhondo, ndipo zitatha idachoka osasiya dongosolo. Barack Obama mwini adadzavomera kuti kusakonzekera za pambuyo pa Gaddafi kudali kulakwitsa kwakukulu kwa ulamuliro wake. Zida za m'nkhokwe za Libya zidamwazikira ku Sahel, ndipo zidathandiza kuyatsa moto wa ku Mali mu 2012. Anthu akuda a m'tauni ya Tawergha adathamangitsidwa onse. Mu 2017 dziko lonse lidaona zithunzi za anthu a mu Africa ofuna kuolokera ku Ulaya akugulitsidwa pa msika ngati akapolo. Mu Sepitembala 2023 madamu awiri osasamalidwa adaphulika ku Derna, madzi n'kukokolola anthu masauzande.

Koma kunena kuti chisokonezochi chikuonetsa ubwino wa Gaddafi n'kuwerenga nkhani chadodolido. Tunisia idachotsa pulezidenti wake Ben Ali mu 2011, boma n'kupitiriza kuyenda, chifukwa kudali asilikali a dziko, makhothi ndi bungwe lamphamvu la apantchito. Ku Libya munthu mmodzi atagwa kudatsala magulu a mfuti, banki yaikulu ndi kampani ya mafuta, ndipo nkhondo zonse zotsatira zakhala zolimbirana ziwiri zomalizazo. Amene adakonza dziko kuti lidzakhale choncho ndi iye, ndipo adali ndi zaka 42 komanso ndalama zokwanira kulikonza mwina.

Kuyambira 2014 dzikoli lagawika pawiri. Kumadzulo kuli boma la ku Tripoli, limene kuyambira 2021 lakhala likutsogozedwa ndi Abdul Hamid Dbeibeh. Kummawa mphamvu zili m'manja mwa Khalifa Haftar, msilikali amene adali nawo pa kulanda boma kwa mu 1969, n'kudzagwidwa pa nkhondo ya ku Chad ija. Chisankho cha pulezidenti chidakonzedwa kuti chichitike pa 24 Disembala 2021, tsiku lokwanitsa zaka 70 za ufulu wodzilamulira, koma chidalephereka. Chiyambire 1951, Alibya sadaponyepo voti yosankha mtsogoleri wa dziko lawo.